Gaidi wa ku Carthage: za Aroma amazidziwa, koma nkhani ya Perpetua mupite nayo nokha

Amayi anzanga a kumphakati akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti ndilongosole bwinobwino za ku Carthage kuja ku Tunisia, makamaka za kampani ya magaidi yomwe tinalemba, poti ena akuti mwina tsiku lina ana awo akunja adzawagulira tiketi nde akufuna adziwiretu. Ndangoti ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la kampani sinditchula, makampani oterewa ku Tunis ndi ambirimbiri ndipo pulogalamu yawo imangofanana, mukafunsa pa risepishoni ya hotelo iliyonse akupatsani nambala pompo. Mwachidule galimoto inali yabwino, agaidi anali aulemu kwambiri, mbiri ya Aroma ndi ya Hannibal ili kumutu, koma ngati inu mukupitira oyera athu awiri aja, Perpetua ndi Felicitas (uja ana athu ambiri amamutchulira kuti Felista), mukapanda kulimba pakamwa mubwerako musanaone chomwe munapitira.

Ine ndinali ku Tunis pa msonkhano wakuntchito ndipo Loweruka kunalibe pulogalamu, nde tinagwirizana ndi mayi wina wa ku Zambia yemwenso ndi Mkatolika, ndi abambo awiri a ku West Africa omwe za oyera analibe nazo ntchito ankangofuna zithunzi basi, tinasonkherana kulipira ulendo wa theka la tsiku. Pobukitsa ndinalemba momveka kuti ine chomwe ndikufuna ndi bwalo lamasewera la Aroma lomwe anthu amakumbukirapo imfa ya Perpetua, anayankha msanga kuti palibe vuto zonse zili mu pulogalamu. Pa kuyankha mauthenga ndiwapatse ulemu wawo, ndipo mmawa anafika nthawi yomwe tinapangana, galimoto yoyera, eyakoni ikugwira, madzi akumwa ali mommo. Chomwe sanatiuze nchoti matiketi olowera sali mu mtengo wawo, amenewo mumagula nokha pa geti. Ubwino wake tiketi ndi imodzi yomwe imakulowetsani malo angapo tsiku lomwelo, nde musaitaye mukangolowa poyamba. Komanso ndalama yawo imazunguza mutu, dinari imodzi ili ndi timamilimu 1000, mukaona alemba 3,500 pa botolo la juwisi musakomoke, ndi madinari atatu ndi theka.

Dziwaninso kuti Carthage si malo amodzi otchingidwa mpanda ayi. Ndi dera la anthu olemera kunja kwa Tunis, makilomita ngati 15 kuchokera mkati mwa tauni, nyumba zikuluzikulu, nyumba ya pulezidenti ili konko, ndipo mabwinjawo ali apa ndi apo pakati pa nyumba za anthu. Nchifukwa chake galimoto imathandiza, kuyenda pansi ndi dzuwa la kumeneko mungafike kubwalo mutatheratu.

Tinayambira pa phiri la Byrsa. Apa agaidi athu anali pakwawo abale. Za mayi Elissa amene amati anachokera ku Tyre nkudzayambitsa mzindawu cha mma 814 BC, za Hannibal ndi njovu zake kuwoloka mapiri a Alps kukamenyana ndi Aroma, za mmene Aroma anauotchera mzindawu mu 146 BC kenako iwo omwe nkudzaumanganso kukhala mzinda wawo waukulu mu Africa, zonsezi amazinena osayang'ana pepala, akuloza doko lakale pansipo, nyanja, mapiri kutsidya. Abambo awiri aja anakhutira pomwepo. Myuziyamu ya paphiripo tinaipeza yotseka akuti ikukonzedwa.

Koma chomwe chinandigwira ine paphiripo ndi tchalitchi chachikulu chija, chomwe kale chinali katidralo ya St Louis, dzina la mfumu ya ku France imene inafera kufupi ndi konko mu 1270 ili pa nkhondo. Amene anachimangitsa ndi Kadinala Lavigerie, chinatha mu 1890. Lavigerie yemweyu ndi amene anayambitsa chipani cha ansembe a White Fathers mu 1868, ndipo ndi ansembe ake amene anafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, sizinayende anachoka, kenako anadzabweranso nkutsegula Mua mu 1902. Nde tangoganizani ine mwana wobatizidwa ndi wansembe wa White Fathers ndaima pomwe mwini chipani anayamba waikidwa mmanda. Nditawauza agaidi zimenezi anadabwa, za Lavigerie amazidziwa bwino koma zoti anthu ake anafika mpaka ku Malawi ndi ku Zambia anali asanamvepo. Pano mulibenso misa mmenemo, chili mmanja mwa boma, amachitcha Acropolium ndipo anachisandutsa malo a makonsati.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti bambowa ndi munthu woona mtima. Anatiuza mosabisa kuti kwa anthu ambiri a ku Tunisia tchalitchi chimenecho chimawakumbutsa atsamunda a ku France, ndipo anatchula msonkhano waukulu wa Ukaristia womwe unachitikira ku Carthage mu 1930, pomwe ana anavekedwa ngati asilikali a nkhondo za mtanda mdziko la Asilamu, anthu zinawapweteka kwambiri. Ananena mofatsa osanyoza aliyense. Ine zimenezo ndinaziyamikira, gaidi wongonena zokoma zokha kuti alandire tipu ndi wachabe.

Ku mabafa a Antoninus, mabwinja a malo osambira a Aroma, tinadutsako, ndi pokongola pafupi ndi nyanja, mizati ikuluikulu, ingokumbukirani kuti kamera musalozetse mbali ya nyumba ya pulezidenti, pali asilikali.

Tsopano dandaulo langa lalikulu. Titachoka kumabafa mmalo mopita kubwalo galimoto inakhota nkukaima pa shopu ya mapefyumu ndi makapeti, akuti tingoona mphindi zochepa palibe kukakamizana kugula. Abale inu mphindi zochepa zake ziti, anatikhazika pansi, tiyi, kutinunkhiza mabotolo mmodzimmodzi mpaka mphuno kusiya kumva, abambo aja ayamba kunenerera mitengo yogulira akazi awo, ine ndikungoyang'ana wotchi. Zikuonekeratu kuti pali kenakake komwe kampani imalandira pa shopu imeneyo. Sindikukana anthu adye, koma nthawi yomwe tinataya mmenemo ndi yomwe anadzatidula kubwalo, ndipo pobukitsa za shopu sanatchulepo olo pang'ono.

Kubwalo tinafika dzuwa litakwera, agaidi nkuti apa tikhala mphindi khumi chifukwa palibe zambiri zoona. Kumbali ina sananame. Bwaloli linali limodzi mwa akuluakulu mu ufumu wa Aroma, anthu cha mma 30,000 ankakwanamo, kucheperapo kuyerekeza ndi Bingu Stadium ya ku Lilongwe, koma mipando yonse yamiyala anthu anaigumula kalekale kukamangira nyumba zina, chatsala ndi dzenje lalikulu lozungulira ngati dzira, makoma afupiafupi, tinjira tapansi momwe munkadutsa nyama ndi akaidi, udzu ndi mitengo ya paini mmbali. Munthu wofuna chithunzi chogometsa apite ku El Jem komwe bwalo lake lidakali chiimire, ndipo agaidi anayeseradi kutigulitsa ulendo wa kumeneko pompo. Za oyerawo anangoti apa panafera akazi awiri achikhristu, dona ndi wantchito wake, anadyedwa ndi mikango, tiyeni tijambule tizipita. Ndinati ayi bambo pepani, mu nkhani imeneyi mulibe mkango olo umodzi, ndipo ine sindichoka pano mphindi khumi. Mayi wa ku Zambia uja anandithandiza kukana, tinakhala pa khoma pamthunzi ndipo nkhaniyo ndinaifotokoza ndine, agaidi akumvetsera. Ndiilembe panonso chifukwa ndi imene muyenera kupita nayo mmutu.

Chinali chaka cha 203, mfumu ya Roma inali Septimius Severus, mwiniwakeyo wobadwira ku Africa konkuno ku Leptis Magna ku Libya. Anagwira akatekumeni angapo, Revocatus ndi Felicitas omwe anali akapolo, Saturninus, Secundulus, ndi Vibia Perpetua, mtsikana wa zaka ngati 22, wa banja lolemekezeka, wophunzira, wokwatiwa, ali ndi mwana wamwamuna wakubere. Onani bwino, anali akatekumeni, ubatizo anaulandira atagwidwa kale. Mphunzitsi wawo Saturus sanalipo pogwidwapo koma anakadzipereka yekha kuti asawasiye okha. Chomwe chimapangitsa nkhaniyi kukhala yapadera nchoti mbali yaikulu anailemba Perpetua mwiniwake ali mndende, ndi zina mwa zolemba zakale kwambiri zomwe tili nazo zochokera mdzanja la mayi wachikhristu, ndipo salemba ngati munthu wa pa chithunzi cha mtchalitchi ayi. Akunena kuti anachita mantha chifukwa mdima wotero anali asanauonepo, kutentha, kuthithikana, asilikali kuwazunza, ndipo koposa zonse nkhawa ya mwana. Madikoni awiri, Tertius ndi Pomponius, analipira alonda kuti akaidiwo aziwatulutsako maola angapo kumalo abwinoko, ndi pomwe anayamwitsa mwana yemwe anali atafooka ndi njala. Atamulola kukhala naye mwanayo mndende momwemo akuti ndende inasanduka nyumba yachifumu kwa iye.

Koma mbali yomwe ine imandisowetsa mtendere ndi ya bambo ake. Bambowa sanali mkhristu ndipo mwana wawoyu ankamukonda kuposa alongo ake onse. Ulendo woyamba anabwera kudzamunyengerera, iye nkuloza mtsuko kuti kodi uwu mungautchule dzina lina, bambo nkuti ayi, iye nkuti inenso sindingadzitchule china koma mkhristu, bambo anapsa mtima kufuna kumukolowola maso. Ulendo wina anabwera atasweka mtima, akupsompsona manja ake, kudzigwetsa kumapazi ake, kumupempha kuti amvere chisoni imvi zawo, aganizire amayi ake, alongo ake, mwana wake. Tsiku la mlandu anatulukira atanyamula khandalo. Woweruza Hilarianus anamuuza Perpetua kuti angopereka nsembe yopempherera mafumu nkhani ithe, anakana, anamufunsa ngati ali mkhristu, anavomera. Bambo aja atapitiriza kukakamira woweruza analamula kuti awachotse ndipo anawamenya ndi ndodo pamaso pa anthu, ndipo Perpetua akulemba kuti zinamupweteka ngati amenya iyeyo. Atagamulidwa kuti akaponyedwe ku zilombo anatuma dikoni Pomponius kukatenga mwana, bambo ake anakaniza. Akuti kuyambira pomwepo mwanayo sanafunenso bere ndipo mabere ake sanatupe, iye anaona kuti ndi Mulungu wamuchotsera nkhawa imeneyo. Za mwamuna wake nkhani yonse sitchulapo kanthu.

Amayi anzanga tinene zoona, kutchalitchi nkhaniyi timaidutsa mofewa kwambiri. Timaimba, timapatsa ana maina, pa 7 March bambo mfumu amatchulapo pang'ono nkupitiriza. Koma atakhala mwana wanu wamkazi, mdzukulu ali kubere, akumuuza kuti ingoponya kalubani pamoto uzipita kwanu, inu mungakhale mbali ya ndani? Ine ndikudziwa kuti ndikanakhala kumbuyo kwa bambo aja ndikulira nawo. Sindikuti Perpetua analakwa, ndimamupempha kuti azindipempherera, koma kumulemekeza osamva kulemera kwa zomwe anasiya ndi kumuchepetsa, ndipo gaidi amene amangoti anadyedwa ndi mikango tiyeni tijambule akumuchepetsa kuposa pamenepo.

Mndendemo analota maloto angapo ndipo anawalemba. Loyamba anaona makwerero amkuwa aatali mpaka kumwamba, opapatiza oti munthu mmodzi yekha, mmbali mwake muli malupanga, mikondo ndi mbedza, pansi pake pali chinjoka. Saturus anakwera poyamba, iye nkuponda mutu wa chinjokacho ngati sitepe yoyamba, pamwamba anapeza munda waukulu ndi mbusa waimvi akukama nkhosa, anamupatsa kachakudya kochokera ku mkakawo ndipo anadzuka kukoma kudakali mkamwa, pomwepo anadziwa kuti satuluka wamoyo. Lina ndi la mlongo wake Dinocrates yemwe anamwalira ali ndi zaka 7 ndi chilonda choopsa kumaso. Anamuona ali malo amdima, waludzu, pafupi ndi thamanda lomwe mkombero wake unali wautali kuposa msinkhu wake, akulephera kumwa. Anamupempherera usana ndi usiku akulira, kenako anamuonanso ali woyera, chilonda chapola, akumwa mpaka kukhuta nkupita kukasewera ngati mwana. Ife amene timaperekera misa abale athu omwalira mwezi wa November nkhani imeneyi ndi yathu kwambiri. Loto lomaliza, kutatsala tsiku limodzi, anaona akumenyana ndi munthu wa ku Egypt mu bwalo, iye atasanduka mwamuna, anamugwetsa nkumuponda pamutu, ndipo anamvetsa kuti nkhondo yake si ya zilombo koma ya Satana.

Felicitas naye musamuiwale, magaidi amangomutcha wantchito basi. Anali ndi pakati pa miyezi 8, ndipo lamulo la Aroma silinkalola kupha mayi woyembekezera, nde nkhawa yake inali yoti anzake apita iye atsala adzaphedwa payekha pamodzi ndi zigawenga. Kutatsala masiku ochepa anzake onse anapemphera limodzi ndipo matenda anayamba pompo. Akubuula ndi ululu mlonda wina anamuseka kuti ukulira pano nanga zilombo udzatani, iye anayankha kuti pano ndikuvutika ndine, koma uko mudzakhala wina mwa ine amene adzavutike mmalo mwanga chifukwa inenso ndikuvutikira iye. Anabereka mwana wamkazi, mayi wina wachikhristu anamutenga nkumulera ngati wake. Secundulus yekha anafera mndende tsikulo lisanafike.

Masewerawo anali okondwerera tsiku lobadwa la Geta mwana wa mfumu. Pa geti anafuna kuwaveka zovala za ansembe a milungu yawo, amuna za Saturn akazi za Ceres, Perpetua anakana kuti tabwera kuno mwakufuna kwathu ndendende kuti tisachite zimenezo, ndipo mkulu wa asilikali anagonja. Amunawo anawatulutsira kambuku, chimbalangondo ndi nguluwe. Akaziwo anawakonzera ng'ombe yaikazi yolusa, dala kuti ifanane nawo powanyoza. Poyamba anawavula nkuwakulunga mu maukonde, koma ngakhale anthu okonda magazi aja zinawanyansa ataona mtsikana wanthete ndi mayi wongobereka kumene mkaka ukudontha, nde anawabweza nkuwaveka. Ng'ombe inamuponya Perpetua nagwa chagada, atadzuka choyamba anakoka chovala chong'ambika kuphimba ntchafu, kenako anapempha chomangira tsitsi chifukwa tsitsi lomasuka linali chizindikiro cha maliro ndipo iye sanafune kuoneka ngati akulira pa tsiku lake laulemu. Ataona Felicitas ali pansi anapita kukamugwira dzanja nkumudzutsa, dona ndi kapolo anaima limodzi. Atawatulutsa kaye pa geti anakhala ngati wadzuka kutulo, akufunsa kuti kodi ng'ombe ija atipititsako liti, mpaka anamuonetsa mabala ake. Mlongo wake ndi katekumeni wina dzina lake Rusticus anawauza kuti alimbe mchikhulupiriro, azikondana, asakhumudwe ndi zomwe aonazo. Saturus analumidwa ndi kambuku, ndipo asanafe anaviika mphete mmagazi ake nkupatsa msilikali Pudens yemwe ankawachitira chifundo mndende. Pamapeto anthu anafuna kuona akumalizidwa ndi lupanga pakati pa bwalo, anapsompsonana mwamtendere, ndipo mnyamata amene anapatsidwa Perpetua anali wachilendo pa ntchitoyo dzanja likunjenjemera, anamubaya pafupa iye nakuwa, kenako anagwira dzanja la mnyamatayo yekha nkulilozetsa pakhosi pake.

Nditamaliza abambo awiri aja anali atasiya mafoni. Agaidi anafunsa mafunso angapo, makamaka za mwana wa Felicitas, ndipo analemba maina mu foni yawo akuti adzagwiritsa ntchito kwa alendo ena. Pamenepo ndiwayamikire, ena akanakwiya kuti mlendo akuwaphunzitsa ntchito. Ndipo iwonso anationjezera china chomwe ndi choona, kuti akatswiri ena amakayikira ngati linalidi bwalo lomweli, chifukwa zolembazo zimakamba za masewera a ku kampu ya asilikali nde mwina kunali bwalo lina laling'ono. Ine sizinandisokoneze, mzinda ndi womwewu, ndipo pano ndi pomwe akhristu akhala akubwera kudzakumbukira. A White Fathers omwe aja ndi amene anakonza kachapelo kakang'ono pansi pa bwaloli mdzina la oyera awiriwa, ndipo Papa John Paul II, yemwe anabwera kwathu mu 1989, anadzapemphera pabwalo limeneli mu 1996. Ife kachapeloko tinakapeza kokhoma, tinangosuzumira pa zitsulo. Kampani ikanakhala yoganizira alendo opemphera bwenzi itafufuziratu ngati pali njira yotsegulitsa kapena kutiuziratu kuti sitilowa. Tinapemphera chigawo chimodzi cha kolona panja pomwepo, agaidi omwe ndi Msilamu anasuntha pang'ono nkuima chete mpaka tinamaliza, anamuuzanso dalaivala kuti asiye kuliza hutala.

China chomwe ndinapempha nkulephereka ndi malo otchedwa Basilica Maiorum, komwe amati oyerawa anaikidwa. Kumeneko wansembe wa White Fathers wofukula zakale, Alfred-Louis Delattre, anapeza mu 1907 zidutswa za mwala wolembedwa maina awo, Perpetua, Felicitas, Saturus ndi anzawo aja. Agaidi anati kulibe choona ndipo nthawi yatha, komanso ndinaona kuti njira yake sankaidziwa bwino. Mabwinja a tchalitchi cha St Cyprian pafupi ndi nyanja tinangowaona tili mgalimoto, pomwe amati ndi pamalo paja Monica anachezera usiku akupemphera mwana wake Augustine atamunamiza nkukwera chombo kupita ku Roma mu 383. Amayi a mphakati wa Monica Woyera mukanalira kudutsa pamenepo osatsika. Augustine yemweyo atakhala episkopi ankalalikira pa tsiku la Perpetua ndi Felicitas, ndipo mpaka lero maina awo amatchulidwa pa misa mu pemphero loyamba la Ukaristia pamodzi ndi Agatha, Lucy, Agnes, Cecilia ndi Anastasia. Zonsezi zili mtunda waufupi kwambiri wina ndi mnzake, munthu atafuna angakonze ulendo wokoma wa akhristu okhaokha, koma kampaniyi mutu wake uli pa Hannibal, mabafa ndi shopu.

Tinamalizira ku Sidi Bou Said, kamudzi ka nyumba zoyera ndi zitseko zabuluu pamwamba pa nyanja. Nkokongola zedi koma anthu ndi ochuluka ndipo ogulitsa amakukakamira. Tinadya brik, kachinthu kokazinga kopyapyala kokhala ndi dzira losapsetsa mkati, mukaluma mosasamala likuthirani pa bulauzi, ndi tiyi wa timbewu tonunkhira. Chakudyacho chinalinso chapathumba pathu.

Nde kodi ndalama yathu inagwira ntchito? Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zitatu. Munthu amene anatiyendetsa payekha ndikanamupatsa zinayi, ulemu wake ndi kuona mtima kwake, koma pulogalamu ya kampani ndi yomwe ikumugwetsa. Ngati mukupita ndi anthu okalamba kapena a miyendo yovuta, lembani galimoto ndithu, koma mulembe mu uthenga kuti bwalo likhale loyamba mmawa kusanatenthe, mukhalapo ola lathunthu, shopu ayi, ndipo mutchule St Cyprian ndi Basilica Maiorum ndi maina kuti avomere kapena akane musanalipire. Osalipiriratu zonse, theka pomaliza. Musasakanikiranenso ndi anthu omwe akufuna zina, ife tinavutika kukokana chifukwa cha zimenezo ngakhale abambo aja pamapeto sanadandaule.

Ngati muli ndi mphamvu zanu gaidi simukumufuna kwenikweni. Pali kasitima kotchedwa TGM kochokera pa Tunis Marine kupita ku La Marsa, kamaima masiteshoni angapo a ku Carthage monga Carthage Hannibal, kotchipa kwambiri, mukatsika mutenge takisi yachikasu mumuuze aziyatsa mita. Chifalansa pang'ono chimathandiza kuposa Chingerezi. Lamulungu misa mungakamvere ku katidralo ya St Vincent de Paul pa Avenue Habib Bourguiba mkati mwa Tunis, mupezako ana asukulu ambiri ochokera maiko a kuno kwathu kumunsi kwa Sahara. Kubwaloko mthunzi ndi wochepa ndipo pansi ndi pamiyala, nde chipewa, madzi ndi nsapato zafulati, ndipo kuchimbudzi mupitiretu kumabafa a Antoninus kapena ku hotelo musananyamuke.